Filimu ya Clever Yafika pa Mjigo

"Bwereza mawu aja. Ndati bwereza pano pamaso panga, monga muja umakuwira m'chisipika."

Modester anatula ndowa pakhonde mwamphamvu moti madzi ena anakhavukira pa nsapato zoyera za mwana wake. Linali Lolemba, pa 7 Okutobala 2024. Kunyumba ananyamuka hafu faifi m'mawa, ndipo tsopano naini koloko inali itakwana. Kuchoka pakhomo pake kukafika pa mjigo ndi ulendo wa mphindi zisanu ndi ziwiri.

Clever, mwana wake woyamba, anasuntha mapazi n'kupukuta nsapatozo ndi chala. Anali atabwera Loweruka kuchokera ku Liwonde, kumene ankamasulira mafilimu achingerezi m'Chichewa, ndipo chikwama chake chinali kale paphewa.

"Mawu ati, amayi? Ine ndimayankhula mawu ambiri. Ndiye ntchito yangayo."

"'Anguru kumbuyo, eni nthaka patsogolo.' Pakamwa pamenepo si pako?"

"Aaa, zomwezo? Ija ndi filimu, amayi. Anthu aja ndi akunja. Sadziwa n'komwe kuti padziko pano pali malo otchedwa Kalembo."

"Iwo sadziwa. Nanga iwe?"

A Wadson, amuna ake, anali pansi pa mtengo wa mango akukhomera khasu mu mpini watsopano. Anaseka osadzutsa mutu.

"Amake Clever, mwana wangoyamba kumene kutchuka, inu mwamutsegulira kale bwalo. Dzulo ku tchalitchi anthu amandipatsa moni wa manja awiri. Akuti, kodi bambo ake a dijeyi uja ndinu?"

"Inu akukupatsani moni ku tchalitchi. Ine ku mjigo andibweza kumbuyo kanayi. Kanayi! Womaliza kundipitirira ndi kamwana koti ndinakasambitsa ndine tsiku limene kanabadwa."

Filimuyo inatuluka pa 21 Seputembala. Che Mahmudu, mwini vidiyo ya pamsika, amapachika sipika panja pamtengo, choncho ngakhale amene sanalowe amamva zonse. Nkhani yake inali ya dziko lina la m'tsogolo kumene mvula inali isanagwe kwa zaka makumi atatu. Anthu ovala zoyera ankakhala mkati mwa linga pamodzi ndi zitsime zonse. Anthu ovala nsanza ankadikira pa geti ndi zitini, n'kumatunga zotsala. Clever anafuna dzina loti anthu aziseka akaona a nsanza aja, ndipo analipeza: dzina lachipongwe lija limene ena amatchulira Alomwe.

Anayamba ndi ana, kusewera filimu pa mjigo. Kenako amayi anatola mawuwo ngati nthabwala. Koma chaka chimenecho mvula inali itavuta, mjigo wa kusukulu unauma mu Ogasiti, ndipo wa m'mudzi unkatenga mphindi khumi kudzaza ndowa imodzi. Nthabwala ija inkachotsa ndowa za mabanja asanu ndi limodzi a Alomwe patsogolo pa mzere, ndipo panalibe amene ankafulumira kuisiya.

"Komanso achimwene ananama."

Anatero Tasha, mlongo wake wa Clever, wa Fomu 3, amene anali atachedwa kale kusukulu podikira madzi osamba. Anatuluka m'nyumba atanyamula buku lonenepa lachikuto chong'ambika.

"Filimu ija anaitenga m'buku ili. Ndinabwereka ku laibulale ya kusukulu, ndawerenga kawiri. Anthu aja si akuba."

"Iwe, buku ndi buku, filimu ndi filimu."

"Chabwino. Pamene mtsikana uja wagwira zitsulo za geti akulira, inu mwati akuti chiyani?"

Clever anakonza kukhosi n'kutulutsa timawu tachitsikana timene tinamutchukitsa. "'Pepani bwana, kuba madzi ndi chikhalidwe chakwathu.'"

A Wadson anaseka mpaka khasu linagwa. Atakumana maso ndi akazi awo analitola msanga, n'kuyamba kuunguza mpini ngati wapindika.

"Tsamba 41," anatero Tasha. "Akuti, 'Chitsime ichi anakumba ndi agogo anga.' M'filimu momwemonso ndi zimene akunena. Ndinamvetsera pa foni ya mnzanga, pansi pa mawu anuwo zikumveka."

"Anthu aja amayankhula ngati ali ndi mbatata yamoto m'kamwa," anadandaula Clever. "Ntchito yathuyi umangoona nkhope ndi manja. Munthu akulira, wagwira chitini, asilikali amuzungulira. Ndiye kuti waba. Aliyense akanamasulira choncho."

"Ine chondidabwitsa ndi china," anatero a Wadson. "Zaka makumi atatu mvula osagwa, koma anyamata ake zifuwa ngati ng'ombe zokoka ngolo. Amadya chiyani? Munda sindinauone ndi umodzi womwe. Ife chaka chimodzi chokha, lamba ndabowola kawiri."

"M'buku muli minda ya pansi pa nthaka, ababa. A filimu anaichotsa."

"Ndiye anachotsa pofunika penipeni."

Modester sanaseke. Anaima pakati pa mwana wake ndi njira.

"Clever, tandiyang'ana. Agogo ako, amayi anga, anali munthu woseka ndi aliyense. Koma wina akatchula mawu amenewo, ankatula mtolo pansi. Iwe wawapachika pamtengo pamsika. Ukawatsitse."

"Sizingatheke, amayi. Filimu ili kale m'mafoni. Yafika ku Ntaja, yafika ku Mangochi. Ndikati ndinalakwitsa, ndiye kuti ndalengeza ndekha kuti Chingerezi chimandithawa. Adzandipatsanso ntchito ndani? Lezani mtima, anthu aiwala. Kukubwera ya karate."

Anatsanzika mwaulemu, nazungulira amayi ake, n'kuthamangira minibasi kumsewu.

Anthu sanaiwale. Lachiwiri pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, Modester anafika pa mjigo wachitatu. Ndowa yoyamba isanadzaze kunatulukira Ethel, amake Trust, amene amagulitsa tomato pansi pa mtengo wa sipika uja. Filimu yonse ankaidziwa pamtima osaonako chithunzi ndi chimodzi chomwe. Anakankha ndowa ya Modester ndi phazi, mofatsa, ngati akupatutsa mwanapiye.

"Mwadzuka, amake Clever? Nanga ndowayi yasochera bwanji kutsogolo kuno?"

"Sinasochere. Yafika yachitatu."

"Anguru kumbuyooo!" anakuwa Ethel, akutsanzira mawu a Clever mpaka kakunjenjemera kake. Amayi anaseka. Ena anaseka akuyang'ana pansi.

"Amake Trust, inu ndi ine tinabatizidwa tsiku limodzi. Mchombo wanga unagwera kuseri kwa nkhokwe ya amayi apo. Ndikhale kumbuyo kwa yani?"

"Inu musakwiye, ndi macheza. Ndipo sindinayambitse ine, ndi mwana wanu yemwe. Ngati mwiniwake akutero, ife ndife yani?"

Ethel anamanga bwino chitenje n'kupitiriza ndi mawu ake enieni.

"Komabe za madzizi si macheza. Loweruka la pa 26 kuli msonkhano wa komiti ya mjigo. Tapempha a Goliati, apampando, kuti tigawane nthawi. Eni mudzi m'mawa, obwera masana."

"Masana mjigo uwu umatulutsa mphepo."

"Umadonthako ukaleza mtima."

Modester anabweza ndowa yake pamalo pake. Atatembenuka kupereka moni kwa mnzake, anaipeza yasuntha. Tsiku limenelo anatunga wa nambala khumi ndi chimodzi.

Madzulo ake a Wadson anavala jekete la ku tchalitchi, ngakhale kunali kotentha, napita kukayankhula ndi a Goliati monga amuna okhaokha. Anabwerako jekete lili m'manja.

"Zayenda bwanji?" anafunsa Modester.

"Akuti chimene anthu ambiri adzanene ndi chomwecho. Kenako akundifunsa kuti gawo lachiwiri lituluka liti." Anakhala pampando. "Ndikutuluka, mdzukulu wawo wandiuza kuti ndidutsire kuseri, geti la kutsogolo ndi la eni nthaka. Mwana wa Sitandade 2."

"Simunaseke?"

"Mano anakana."

Lachinayi dzuwa litapendeka, foni ya a Wadson inalira. Anali Clever, ndipo ankafuna Tasha. Mtsikanayo anapita nayo kuseri kwa khola la mbuzi, koma foni ya a Wadson imayankhula mokweza ngati mlaliki, ndipo Modester anali pomwepo akusonkha nkhuni.

"Chemwali, buku lija ukadali nalo?"

"Lero ndakhala chemwali?"

"Usandizunze. Gawo lachiwiri landikanika. A nsanza aja alowa m'linga, koma m'malo mowagwira aliyense akuwaombera m'manja. Mkulu wa zoyera uja wawagwadira. Ndayesa kunena kuti wagwa ndi matenda a shuga, sizikukhala. Eni mavidiyo akundiimbira osapuma. Undithandize, koma amayi asadziwe."

Modester anapukuta manja n'kulandira foni.

"Buku libwera Loweruka. Libwera ndi woliwerenga, woliwerengayo abwera ndi amake."

Loweruka pa 19 anakwera minibasi ya hafu seveni, natsika ku Liwonde dzuwa litayamba kale kuluma. Kumene Clever ankakutchula kuti ku situdiyo kanali kachipinda kuseri kwa malo ometera tsitsi, pafupi ndi siteji. Makoma anawamata ndi mathireyi a mazira. Panali kompyuta imodzi, mpando umodzi, ndi mayiki ovekedwa sokosi. Modester anakhala pa chigubu. Aka kanali koyamba kuona ndi maso anthu a m'filimu aja amene anamuvutitsa milungu inayi.

Anagwira ntchito motere: Clever ankaseweretsa filimu pang'ono n'kuimitsa, Tasha ankamvetsera, n'kupeza malowo m'buku, n'kunena tanthauzo, ndiye Clever ankathiramo mchere wake. Zikanayenda msanga Tasha akanakhala wosadandaula.

"Mnyamata uyu m'buku ali ndi mano otuluka, ndiponso amatsimphina. Apa amusandutsa ngati wa pa kalendala. Nanga azakhali akhungu aja ali kuti? Ndi amene ankadziwa njira yolowera m'linga! Awachotsa kuti awiriwa apeze nthawi yoyang'anana."

"Iwe ndiuze zimene akunena, osati zimene anachotsa."

"Akuti amamukonda. M'buku sanena zimenezo. M'buku akukangana za chingwe."

"Za chingwe sizigulitsa."

Modester ankangoonerera, manja ali pamiyendo. Anayankhula kamodzi kokha, mtsikana wa m'filimu atathamanga mtunda wautali ndi madzi.

"Mwanayu ndi wolimba mtima, koma sanaphunzitsidwe. Akanaika masamba pamwamba pa chitinicho, sakanataya theka."

Cha m'ma leveni koloko anafika pamene mtsikana uja anamutsitsa ndi chingwe m'chitsime chakale kwambiri, nyali ili m'manja. Pa makoma a chitsimecho panali mayina ogoba pamiyala, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kwa mphindi pafupifupi ziwiri panalibe woyankhula, nyimbo yokha.

"Eya, apa ndiye pa moni," anatero Clever, akutulutsa pepala m'thumba. Dijeyi aliyense amatero: ochita filimu akakhala chete, iye amapereka moni kwa anthu ake. Papepalapo panali makondakitala a minibasi, anyamata a chiwaya ndi mtsikana wina wa ku saluni.

"Mayina ajawo ndi a yani?" anafunsa Modester.

"A anthu amene anakumba zitsime," anayankha Tasha. "Ambiri ndi makolo a anthu a nsanza aja, koma alipo ndi makolo a ovala zoyera. Ankagwira limodzi. M'buku a nsanzawo dzina lawo lenileni ndi Okumba."

Modester analanda pepala lija, nalitembenuza, n'kulibweza kwa mwana wake.

"Makondakitala adikire. Lemba."

Anafotokoza mwadongosolo. Mu Julaye 1998 bungwe lina linabwera ndi makina obowolera mjigo, n'kunena kuti makina ndi awo koma mchenga, njerwa ndi miyala ndi za mudzi. Ntchito inatenga milungu itatu. Iye anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo poti sukulu anafika nayo Sitandade 7, ndi amene ankalemba maulendo a aliyense ndi khala pa khoma la chigayo chakale.

"A Matilda, agogo akowo, mchenga maulendo makumi atatu ndi asanu. A Noah anaotcha njerwa, uvuni unali wawo. A Wyson ndi a Goliati, akadali mnyamata wa tsitsi, anaswa miyala ngolo zinayi. A Patience ankaphikira anthu a makina. Bambo ake a Che Mahmudu anabwereketsa ngolo osafunsa kanthu. A Tikondane, mchenga maulendo makumi atatu."

Anatchula mayina makumi awiri ndi atatu osabwereza ndi limodzi lomwe.

"A Tikondane si amayi awo a amake Trust?" anafunsa Clever.

"Omwewo. Iwo ndi agogo ako ankayenda limodzi, Chilomwe chokhachokha njira yonse ya kumtsinje. Akayandikira m'mudzi, a Tikondane ankasiya. Anabwera kwathu kuja pa chitengwa, ndipo apongozi awo sankafuna kumva chiyankhulo chimenecho pakhomo."

Clever anadumpha pampando. "Ndiye kuti amake Trust nawonso ndi... Amayi! Imeneyi ndikangoiponya, msonkhano watha usanayambe!"

"Ukangotchula, mayiki awa ndiwaponya mu Shire. Mawu aja andipweteka ine, ndiye ndiwatole ndikagende nawo mnzanga? Ngati akufuna kunena za amayi ake adzanena yekha. Iwe nena za mchenga."

"Chabwino."

"Nanga dzina lachipongwe lija?"

Clever anakanda m'mutu. Anayatsa mayiki n'kuyamba mothamanga, mawu akuwameza: "Abale, mu gawo loyamba panali kavuto pang'ono ka makina..."

"Nena bwino!" anakuwa Modester ali pa chigubu.

Clever anaimitsa, namvetsera zimene zajambulidwa, n'kumwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Mawu anuwa sindiwachotsa, amayi. Alowa bwino kwambiri."

Gawo lachiwiri linafika kwa Che Mahmudu Lachitatu pa 23, n'kuyamba fili koloko masana. Modester anapita kumsika kukagula mchere. Mchere amagula mphindi imodzi, koma tsiku limenelo anafunsa mtengo wa usipa, anayeza masilipasi awiri, n'kukakhala pa benchi la telala moyang'anana ndi mtengo wa sipika. Pansi pa mtengowo Ethel anali atayala tomato wake m'milu.

"Abale, mu gawo loyamba panali kavuto pang'ono ka makina," inatero sipika.

"Nena bwino!"

Msika wonse unatembenuka kuyang'ana Modester. Iye anayang'ana makina a telala.

"Chabwino, chabwino. Si makina, ndi makutu a dijeyi wanu. Anthu a nsanza aja si akuba. Dzina lawo ndi Okumba, ndipo zitsime zonse zija anakumba ndi makolo awo. Dzina lina lija ndinawapatsa ndi ine, ndi lachipongwe, ndipo ndalimeza. Ine amene ndikuyankhulane ndine Mlomwe, mdzukulu wa a Matilda. Amayi anga ali pompano, ndipo patapata ali m'manja. Tiyeni tione filimu!"

Anthu anaseka mpaka wogulitsa mazira anakhala pansi. Ethel anaseka nawo, koma mwachidule. Filimu inapitirira, zipolopolo zinalira, mnyamata wa pa kalendala ananena za chikondi. Kenako nyimbo inatsika, ndipo mawu a Clever anabwera odekha ngati a munthu wina.

"Mtsikana wathu akuwerenga mayina a okumba. Nafenso kwathu kwa Kalembo tili ndi athu. Moni wanga lero ukupita kwa amene anasenza mjigo wathu pamutu mu Julaye 1998, amoyo ndi ogona."

Anayamba kutchula. Msika unakhala chete pang'onopang'ono, kuyambira kwa a nsomba mpaka kwa a kaunjika. Dzina lililonse linkadzutsa munthu penapake. Che Mahmudu anatuluka m'vidiyo mwawo kudzamvera panja, ngati kuti sipika ya panja inkanena zoona kuposa ya mkati.

"A Tikondane, mchenga maulendo makumi atatu, limodzi ndi mnzawo wapamtima a Matilda."

Ethel anali akupatsira wogula. Dzanja linaima m'malere, tomato ali momwemo.

"Amayi anga amenewo," anatero, osauza munthu aliyense. Kenako anakuwa: "Che Mahmudu! Bwezani pamenepo! Bwezani, sindinamve bwino!"

"Mukalowa mkati mulipire, ndibweza."

"Ndalipira kale ndi makutu milungu inayi! Bwezani!"

Anabweza katatu, chifukwa ena anali atathamangira kukaitana abale awo. Pofika Lachisanu, ana a pa mjigo anali atasiya sewero lija pa chifukwa chimodzi: aliyense ankafuna kukhala Wokumba, ndipo panalibe wovomera kuvala zoyera.

Msonkhano unachitika Loweruka pa 26, naini koloko, pamthunzi pafupi ndi mjigo. Panabwera anthu makumi anayi ndi mmodzi. A Goliati, amene kuyambira Lachitatu ankayenda ngati miyala ija ya ngolo zinayi aiswa dzulo, anatsegula ndi pemphero n'kuvala magalasi.

"Pali nkhani yogawana nthawi yotungira. Amene anaibweretsa aime aifotokoze."

Palibe anaima. Ethel anapeza ulusi wotuluka pa chitenje chake n'kuyamba kulimbana nawo.

"Ngati palibe mwiniwake, ndiye kuti nkhaniyi yafa yokha. Tipite pa ina."

"Iyayi, apampando." Modester anaimirira. "Isafe yokha, ingadzuke yokhanso. Ine ndatunga wa kumapeto milungu inayi. Amake Kevin apa, miyendo yotupa, tsiku lina anabwerera ndi ndowa youma. Ndikufuna zilembedwe m'buku lanulo: wofika woyamba atunge woyamba, ndowa ziwiri, kenako mnzake. Ndipo wotchula mawu aja pa mjigo pano asese ngalande sabata yathunthu."

"Ngakhale pocheza?" anafunsa wina kumbuyo.

"Asese akucheza."

Anakweza manja. A Goliati anawerenga kawiri n'kupeza makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Dzanja la Ethel linakwera mochedwa, n'kulekera pa khutu, koma analiwerenga.

"Ine ndili ndi funso," anatero a Wyson, nkhalamba yoswa miyala ija. "Pa mayina aja sindinamve la a Wadson. Mu Julaye 1998 munali kuti, bambo ake a dijeyi?"

"Ndinali ndi malungo," anayankha a Wadson mwaulemu.

"Milungu itatu?"

"Anali malungo aakulu. Afunseni amake Clever, ndi amene ankalemba."

"Ndinalemba," anatero Modester. "Ulendo umodzi, tsiku lojambulitsa chithunzi."

Lolemba pa 28, Modester anafika pa mjigo hafu faifi n'kupeza ndowa zinayi. Anaika yake yachisanu. Patapita kanthawi Ethel anatulukira ndi zigubu ziwiri, nayenda molunjika kwa iye mpaka amayi ena anasiya kupopa kuti aone.

"Mwadzuka, amake Clever?"

"Ndadzuka, kaya inu?"

Ethel anatsitsa mawu. "Zina zija za amayi simunamuuze mwana wanu?"

"Ndinamuuza."

"Nanga osanena bwanji?"

"Si zake. Ndi zanu."

Ethel anayang'ana chogwirira cha mjigo chikukwera ndi kutsika. Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, kenako mawu ake a pamsika anabwerera onse.

"Komabe mumuuze akonze. Amayi anga sanasenze maulendo makumi atatu. Anali makumi anayi. Ankatiuza okha."

"Makumi atatu. Ndinkalemba ndine."

"Khala limafufutika! Mwina mbuzi inakhula pakhomapo. Makumi anayi, ndipo ndili ndi mboni."

"Nkhaniyi ndi yaitali," anatero Modester, akusunthira ndowa yake patsogolo chifukwa wachinayi anali atayamba kutunga. "Ikani zigubuzo kumbuyo kwangaku, mundifotokozere bwino. Nthawi muli nayo, ndinu wa nambala naini."